Fulasiki ya Malemu Heber Larrosa

Sajeni Nibia Umpiérrez sankaukonda mwezi wa Malichi. Achinyamata a patchuthi akangochoka ku La Paloma, m'malo moti tauni ipume, ndi pamene mabasi a anthu opuma pantchito ankayamba kufika. Achinyamata amaledzera, kumenyana, kenako n'kugona. Koma nkhalamba sizigona, ndipo magalasi akangosowa, ngakhale ali pamphumi pawo pomwe, zimaitana apolisi.

Ndiye Lachisanu lija, foni itabwera kuti kumalo ogona alendo a Bambo Ruben kwabedwa fulasiki, Nibia sanadzivute ndi liwiro. Anadikira kuti kamvula ka m'mawa kakate, n'kuthira madzi otentha m'fulasiki yake, kuipanira m'khwapa, chikho cha yerba, tiyi wa masamba owawa womwera kapaipi, kudzanja, n'kuuyamba wapansi.

Anapeza chipinda chodyera chitadzaza ndi imvi. Aliyense ankalankhula, koma mawu a mayi mmodzi wamtali, wa tsitsi lopaka utoto wofiira, ankaposa onse.

"Mwafika tsopano? Mlongo wanga wabedwa, inu mukuyenda ngati mukuperekeza mkwatibwi!"

"Pafoni anandiuza za fulasiki, mayi."

"Ndi yemweyo! Ali m'kati mwakemo."

Nibia anaika chikho patebulo, n'kutulutsa kabuku.

Mayiyo anali Zulma Larrosa. Nkhani anaifotokoza mosapuma, ngati wolalikira. Mlongo wake Heber, yemwe anagwira ntchito ya njanji ku Durazno moyo wake wonse, anamwalira mwezi wa Juni. Asanatsirizike ananena zinthu ziwiri: mtembo wake autenthe, ndipo phulusa alithire m'fulasiki yake yakale, imene inakhala m'khwapa mwake zaka makumi atatu, n'kukalimwaza m'nyanja. Anzake a kalabu ya opuma pantchito anati amuperekeze pa ulendo wawo wa chaka chino. Anayenda masiku asanu ndi limodzi, tauni ndi tauni m'mbali mwa nyanja, ndipo La Paloma inali yomaliza. Phulusalo limayenera kumwazidwa masana omwewo pamiyala ya kunsi kwa nsanja ya nyali yowunikira zombo, basi n'kunyamuka 3 koloko kubwerera kumtunda.

"Ine sanandiuze kuti m'chipinda 6 mukugona anthu atatu," anadandaula Bambo Ruben, mwini malowo, akupukuta dazi ndi kansalu.

"Tikanakuuzani mukanatikaniza," anatero Mayi Zulma. "Sitinauze aliyense wa panyumba pano."

"Munaiona komaliza liti?" anafunsa Nibia.

"Hafu pasiti sikisi, ndikudzuka. Inali pakatebulo, pakati pa bedi langa ndi la mlamu wanga Elida, mkazi wa malemu. Iye anali akugonabe. Ine ndinatsikira kukhitchini, ndipo ndinakhala kumeneko ola lathunthu ndikuphunzitsa wakubayo kutenthetsa madzi. Munthu wamkulu ngati ameneyo, madzi a yerba kumawasiya mpaka awire! Ndikanadziwira pomwepo kuti si munthu wabwino."

"Wakubayo ndiye ndani?"

Bambo Ruben anakhosomola. "Maruja, wantchito wathu, Sajeni. Analowa m'chipindamo 8 koloko kukachotsa nsalu zapabedi, amayiwa ali pano akudya. Atabwerera anapeza patebulo pali mbee. Ndiye tafufuza, tapeza ichi m'dengu lake."

Anaika patebulo chikopa chovekera fulasiki, chakuda ndi manja a zaka zambiri. Chinali ndi zomangira ziwiri zasiliva, ndi zilembo H.L., zasilivanso.

"Ikafika 3 koloko mlongo wanga asanapezeke, ndisaina chilichonse chimene mumasainitsa, mum'tsekere," anatero Mayi Zulma.

"Ntchito ndiye ndamuimitsa kale," anawonjezera Bambo Ruben, maso ali pansi.

Nibia anatseka kabuku. Ntchito ya kwa Ruben inali nkhani yaing'ono. M'nyengo yozizira, alendo akapita, Maruja Píriz ankasamala nyumba khumi ndi zinayi za anthu a mumzinda wa Montevideo, ndipo makiyi ake onse ankakhala kwa iye. Ndiwo ankamudyetsa miyezi isanu ndi inayi pachaka. Munthu amene watchedwa wakuba, palibe amam'siyira kiyi.

* * *

Anam'peza m'chipinda chochapira, atakhala pachidebe chovundikira, epuloni ali pamiyendo. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, ndipo Maruja ndi amene ankam'kopetsa masamu.

"Wabwera kudzandimanga, Nibia?"

"Ndabwera kudzamva. Chikopa chija chinafika bwanji m'dengu lako?"

"Ukundifunsa ine? Ndimakoka nsalu, kukulunga, kuponya m'dengu. Sindisanthula kuti muli chiyani. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndatola mano oikirira, ndolo, mapasipoti, zonse n'kubweza. Lero ndikabe fulasiki yopindika ngati chitini cha nsomba?"

"Unaiona?"

"Dzulo. Ndinainyamula popukuta tebulo. Ndinadabwa kuti ikulemera koma siikukhuchumuka. Ndinati kaya asungamo shuga."

"Sunadziwe kuti muli munthu?"

Maruja anachita chizindikiro cha mtanda. "Ndamva lero, amayi atsitsi lofiirawo akundikalipira. Ndikanadziwa sindikanaikhudza n'komwe."

"Nanga lero 8 koloko, inalipo patebulo?"

"Panalibe. Ndinangoti atsika nayo, si fulasiki nanga?" Anapinda epuloni kawiri, n'kumutambasulanso. "Nibia, nkhaniyi yafika kale kushopu ya buledi. A Amaral aimba foni kuchokera ku Montevideo, ati makiyi awo ndikawasiye kwa wansembe. Sipanathe n'komwe maola awiri."

Nibia anathira madzi m'chikho n'kum'patsa. Maruja anayamwa kapaipi mpaka chikho chinalira, n'kubweza. Potuluka, Nibia anali akutembenuza chikopa chija m'manja. Wakuba wanzeru zake akanatenga siliva n'kutaya chitini. Uyu anataya siliva n'kutenga chitini.

* * *

Mayi Elida anali m'chipinda 6, atakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo isakufika pansi. Anali kamunthu kakang'ono, ka mawu ofunika kutchera khutu. Sutikesi yawo inali yotseka kale, itaimikidwa pakhomo.

"Pepani ndi zimene zachitikazi, mayi."

"Zikomo, mwanawe."

"Mlamu wanu atatsika, inu munatani?"

"Ndinagonabe. Kenako ndinasamba, n'kutsikira kokadya cha m'ma 8."

"Fulasiki munaisiya patebulo?"

"Eya."

"Simunatuluke panja?"

"Ndi mvula ija? Mawondo angawa salola."

Nibia anathira madzi m'chikho n'kuwapatsira, poti munthu sufunsa mnzako mafunso uku ukumwa wekha. Mayi Elida anakaniza ndi dzanja.

"Chimwalirireni bambo, sindinalawenso. Zaka makumi anayi ndi zinayi, iwo ndiwo ankatenthetsa madzi, kuthira, kumwa koyamba kowawa kuja, n'kundipatsira ine kachiwiri. Ine fulasiki sindinaithirepo madzi ndi tsiku limodzi lomwe. Amati ndimawononga yerba." Anamwetulira pang'ono. "Ankanena zoona."

"Mukuganiza kuti waitenga ndani?"

"Sindikudziwa." Anayang'ana kuzenera. "Mtsikana uja musam'vutitse. Ali ndi nkhope yabwino."

"Mlamu wanu akufuna atsekeredwe."

"Zulma amangolankhula. Tikachoka ziiwalika." Anayang'ana sutikesi pakhomo. "Basi inyamukabe 3 koloko, eti?"

Nibia anati inde. Powerama kuti atole cholembera chimene anachigwetsa dala, anaona masilipasi a nsalu kunsi kwa bedi, atanyowa mpaka kusintha mtundu. Ndipo akutsika masitepe anazindikira chimene chinkamusowetsa mtendere: pa mafunso onse amene mkazi wamasiye akanafunsa wapolisi, mayiwa anafunsa nthawi ya basi.

* * *

Shopu ya buledi ya Chela inali kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo la Bambo Ruben. Ku La Paloma nkhani zinkalowa mmenemo zili zaziwisi n'kutuluka zitapsa.

"Ine sindinanene kuti waba," anayamba Chela, Nibia asanafunse kanthu. "Ndangonena zimene ndaona. Munthu ukaona chinthu uzitseka pakamwa? Utenga timasikono tingati? Ta mafuta a ng'ombe tatha."

"Unaona chiyani?"

"Chijasi chachikasu chija, cha mvula, chimene chimapachikidwa pakhomo pa Ruben. Amachivala ndani ngati si Maruja pokataya zinyalala? Chinatuluka, chipewa chake chitaphimba mutu, n'kulowera kuseri, kumene aimika basi ya nkhalambazo. Patapita kanthawi chinabwerera chimanjamanja."

"Nkhope unaiona?"

"M'chijasi chimenechija? Koma msinkhu ndi wake. Chimakwekwereza pansi."

"Inali nthawi yanji?"

"Nkhani za 7 koloko zikungoyamba pawayilesi. Ndinali ndikutulutsa buledi wachiwiri."

"Popita ananyamula chiyani?"

"Fulasiki. Ndinaona chivindikiro chake chikutulukira pakhosi pa chijasi."

"Anainyamula bwanji? Tandionetsa."

Chela anam'yang'ana ngati wafunsidwa kuti madzi amamwera pati. Kenako anatenga buledi wamtali, n'kumupanira m'khwapa. Anaima, n'kukwinya nkhope. Anam'tulutsa m'khwapamo pang'onopang'ono, n'kumukumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri, dzanja limodzi litachirikiza kunsi.

"Chonchi," anatero, mawu atatsika. "Ngati khanda. Koma ee, ndani amanyamula fulasiki chonchi?"

"Amene akudziwa chimene chili m'kati," anatero Nibia. "Ndipatse timasikono tiwiri. Ndipo pakamwapo ukhale utatsekako kaye mpaka 3 koloko."

"Ine? Ndimalankhula ndi ndani ine?"

* * *

Dalaivala wa basi, Yamandú, anali mwamuna wa mimba yake, wa ndevu za pamlomo zopota. Ankatsuka magalasi akuimba mluzu.

"A bwana, ine m'basi mwanga mwakwerapo nkhosa, mwakwerapo gulu la ng'oma, mwakwerapo mayi amene anachira tili pamlatho. Koma pasenjala wabwino ngati Heber sindinam'nyamulepo. Sapempha kuima, sadandaula za wayilesi."

"Basi mumaikhoma?"

"Ndimatsegula 6 koloko m'mawa. Agogowa amakonda kudzaika zikwama pamipando, kuopa kulandidwa malo a pazenera. Nkhondo yake mutaiona!"

"Bwanji phulusa sanalimwaze m'matauni ena aja? Nyanja si yomweyi?"

Yamandú anaseka, n'kufinya chinsanza. "Funso limenelo mukawafunse Mayi Elida. Ku Atlántida tinatsika tonse, maluwa m'manja, ati mphepo ikuwomba molakwika, abwerera kumaso kwathu. Ku Piriápolis ati anthu achuluka, bambo sankakonda phokoso. Ku Punta del Este ati kuno n'kwa anthu olemera, Heber achita manyazi. Ku José Ignacio ati madzi ndi akuda. Mayi Zulma mpaka anapsa mtima, ati ku La Paloma zivute zitani, alimwaza okha. Ine ndinangoti, mayi awa tikawapatsa mpata tikafika naye ku Brazil."

Nibia anakwera m'basi. Anayang'ana pansi pa mipando yonse, m'mashelefu a pamwamba, m'kachimbudzi ka kumbuyo, ndi m'zikwama zimene zinali zosatseka. Yamandú anam'tsegulira kunsi koika katundu, mpaka kotayala lapadera. Munalibe kanthu. Potsika anadzigunda bondo pa kireti ya pulasitiki imene inali kuseri kwa mpando wa dalaivala, yodzaza mafulasiki a apaulendo, anatukwana pang'ono, n'kupitirira.

Anakhala pakhoma la m'mbali mwa msewu n'kudya timasikono take. Amene anatuluka 7 koloko ankadziwa za phulusa, choncho anali wa m'gulu la ku Durazno. Sanali Maruja, chifukwa nthawi imeneyo Maruja anali kukhitchini akulalatiridwa za madzi, ndipo mboni yake inali Zulma yemweyo amene ankafuna kum'mangitsa. Sanali Zulma, pa chifukwa chomwecho, komanso chijasi chija sichikanam'fika ndi m'mawondo momwe. M'chipinda 6 munatsala munthu mmodzi, wamfupi, wa masilipasi onyowa.

Nibia sanasangalale nazo. Akanakonda akanakhala wakuba weniweni, woti um'gwire pakhosi mtima uli mbee. Komanso kudziwa kokha sikukanabweza kiyi ndi imodzi yomwe. Popanda fulasiki, tauni ikanangoti wapolisi waikira kumbuyo mnzake wa kusukulu.

* * *

Inali itadutsa 2 koloko pamene anagogodanso pachipinda 6. Mayi Elida anali atavala kale juzi ya paulendo, chikwama chili pamiyendo.

"Mayi, masilipasi anu auma?"

Mayi Elida anasuzumira kunsi kwa bedi.

"Munavula chikopa kuti fulasiki isadziwike, n'kuchikankhira m'nsalu zapabedi. Simunaganize kuti nsalu zichotsedwa lero. Munavala chijasi cha pakhomo, n'kupita kubasi mutawakumbatira amuna anu pachifuwa. Sindikukuweruzani. Ndikungofuna mundiuze pamene ali."

"Sindikudziwa zimene ukunena, mwanawe."

"Maruja walandidwa kale makiyi a nyumba imodzi. Pofika Lamlungu alandidwa onse. Inu mukhala muli ku Durazno. Iye akhala pompano, akugula buledi kwa anthu amene akuti ndi wakuba."

Manja a Mayi Elida anagwiritsa chikwama. Nibia anaona kuti munthuyu waganiza zopirira mphindi makumi anayi zokha, ndipo adzazipirira. Anapsa mtima, n'kupita pazenera kuti asanene mawu oipa kwa munthu wamkulu.

Kunja, Yamandú ankatsika m'basi chafutambuyo, atanyamula kireti ija. Anaiika paphewa, n'kuuyamba ulendo wotsetsereka kulowera kudoko, mafulasiki akugundana. Nibia anasisita bondo lake lopweteka lija, ndipo dzanja linangouma pomwepo. M'dziko lino fulasiki ili ngati chigongono, aliyense ali nayo ndipo palibe amaiyang'ana. Iye mwini, wapolisi wa zaka makumi awiri, anadzigunda pa mafulasiki pafupifupi makumi atatu akufunafuna fulasiki.

"Mayi," anatero osatembenuka, "fulasiki munaiika m'kireti ija?"

Mayi Elida anaweramitsa mutu.

"Mukudziwa chimene dalaivala amachita ndi kireti imeneyo basi isananyamuke?"

"Imangokhala pamenepo," anatero Mayi Elida motsitsa. "Aliyense amatengapo yake tikamayenda."

"Amaitenga ili yodzaza madzi otentha. Mumaganiza kuti amadzaza ndani? Dalaivala amapita nayo kwa wogulitsa madzi kudoko. Amatsegula imodziimodzi, kukhuthulira zotsala m'ngalande, kutsukuluza, n'kuthira atsopano. Wanyamuka nayo pompano."

Chikwama chinagwa pansi. Nibia anali asanamvepo munthu wamkulu akukuwa chotero. Mayi Elida anakuwa dzina limodzi lokha, la amuna awo, ndipo onse a m'chipinda chodyera analimva.

* * *

Mawondo aja amene sankalola mvula anatsika masitepe awiriawiri. Nibia anawapitirira pakhomo, n'kuthamanga fulasiki yake ataisiya pawindo, chinthu chimene anthu a ku La Paloma anali asanachionepo. Kuchokera kwa Ruben kufika kudoko ndi misewu inayi. Pa wachitatu m'chifuwa munkamuotcha.

"Yamandú! Siya!"

Dalaivala anali atanjuta m'mbali mwa ngalande, kutsogolo kwa kashopu ka madzi otentha. Mafulasiki opanda kanthu anali atandandalika kudzanja lake lamanja, oposa makumi awiri, zivindikiro zili pambali. M'manja mwake munali fulasiki yachitsulo, yopindika m'mbali, yotuwa pamene pankakhala chikopa. Chivindikiro chakunja anali atachotsa kale, ndipo ankalimbana ndi chotsekera cham'kati, lilime lili panja.

"Iyi yamangika ngati yamatidwa ndi guluu, a bwana. Tandigwirirani kunsiku."

Nibia anailanda. Anaigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu. Sinakhuchumuke.

Yamandú anayang'ana fulasikiyo, n'kuyang'ana ngalande, madzi akuda akutsetserekera kudoko pamodzi ndi mamba a nsomba. Anavula kapusi, n'kukhala pansi pamsewu.

Mayi Elida anafika akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa, nsapato imodzi itatsala m'njira. Anailandira fulasikiyo ndi manja awiri, n'kuikumbatira pachifuwa, dzanja limodzi kunsi. Pambuyo pawo gulu lonse la ku Durazno linkabwera monga mmene ndodo ndi mawondo zinkalolera, Mayi Zulma ali patsogolo. Bambo Ruben analipo. Chela naye anali atasiya shopu yosatseka. Kumapeto kwenikweni kunali Maruja, manja atapinda pachifuwa.

"Mlamu," anatero Mayi Zulma, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mawu awo anali a munthu wamba. "Ndinu?"

"Ndine." Mayi Elida sanadzutse mutu. "Ndayesa, Zulma. Tauni iliyonse ndimati lero. Ndikafika pamadzi, manja amakana. Kunyumba ndimawaika patebulo m'mawa, ndimawauza za nyengo. Ndikawathira m'nyanja ndizikalankhula ndi ndani? Ndi firiji?"

"Mukanandiuza."

"Iwe umauzika?"

Wina m'gulumo anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mayi Zulma anatulutsa kansalu, n'kuyamba kumina mwamphamvu.

Mayi Elida anayenda motsimphina mpaka pamene panaima Maruja.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Sindinafune kuti zikugwere iwe. Nditaona kuti zakugwera, ndinakhala chete. Chimenecho ndiye choipa kwambiri. Ndikhululukire."

Bambo Ruben analowererapo msanga, akuti zonse zatha bwino, Maruja abwerere kuntchito, ndipo iwo mumtima sanakhulupirire n'komwe. Maruja sanawayang'ane.

"Kupepesa ine sikundithandiza, mayi," anatero. "Ine ndikudziwa kale kuti sindinabe. Amene sakudziwa ndi a kushopu ya nyama, a kufamase, a kogulitsa zitsulo, ndi wansembe amene akudikira makiyi anga. Bodza lalowa khomo ndi khomo kuyambira m'mawa. Inu mukwera basi."

Yamandú anayang'ana wotchi yake. Inali kota tu firii.

Nibia anadikira. Panalibe lamulo limene akanakakamiza nalo mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri kuchita zimene Maruja ankanena, ndipo m'kabuku kake munalibe mlandu woti alembe, poti munthu saba chake chomwe. Anaona Mayi Elida akuyang'ana msewu waukulu, wautali, wokwera, mashopu ali mbali zonse, anthu ataima m'makomo.

"Kushopu ya nyama ndi kuti?" anafunsa mayiwo.

Maruja analoza ndi chibwano.

Mayi Zulma anawerama movutikira, n'kuvula nsapato zawo zonse ziwiri, n'kuziika patsogolo pa mlamu wawo. Zinali zazikulu, koma zinalowa. Kenako anawagwira pamkono, iwo ali ndi masokosi okha.

Basi inanyamuka hafu pasiti foo. Nibia anayenda pambuyo pa amayi awiriwo msewu wonse, ndipo anawerenga makomo khumi ndi asanu ndi awiri. Pakhomo lililonse Mayi Elida ankanena mawu omwewo, mosachotsera: dzina lawo, dzina la amuna awo, kuti fulasiki anaibisa okha, ndipo Maruja Píriz sanakhudze kanthu. Kufamase mawu anawathera, Mayi Zulma n'kuyamba kuwanenera, koma iwo anawagwira dzanja n'kuyambiranso okha. Kwa wansembe anapempha foni, n'kuimbira a Amaral ku Montevideo. Za miyala ya kunsi kwa nsanja ya nyali palibe anazitchulanso. Pokwera basi, mpando wa pazenera umene unkalimbiranidwa sabata yonse unapezeka wopanda munthu, ndipo Mayi Elida anakhalapo, fulasiki ili pamiyendo, itavekedwanso chikopa chake.

Nibia anabwerera kwa Bambo Ruben kukatenga fulasiki yake. Anapeza Maruja m'chipinda 6, epuloni ali m'chiuno, akuyala nsalu zatsopano. Mulu wa makiyi unkalira m'thumba mwake akamawerama.

"A Amaral aimbanso," anatero Maruja osatembenuka. "Ati ndisunge makiyi. Ati iwo sanakayikepo n'kamodzi komwe."

"Ndiye wawayankha chiyani?"

"Ndati zikomo. Ndikanati chiyani? Nyengo yozizira ikubwera." Anakoka nsalu mpaka inawongoka, n'kuipinda pakona. Kenako anapita pakatebulo ka pakati pa mabedi awiri aja. Pamene pankakhala fulasiki panali kabwalo kozungulira, kopanda fumbi. Anakayang'ana kanthawi, chinsanza chili m'manja.

"Amuna anga atamira, nyanja sinandibwezere ndi batani lomwe," anatero. "Akanangondiuza mayi aja, ndikanawabisira ndekha."

Anapukuta tebulolo, n'kunyamula dengu kupita kuchipinda 7.